Chitseko Chopanda Mabowo

Bambo Greenwell Kasuba anali ndi ana awiri: Tsitsi ndi galimoto. Tsitsi anali wa zaka 29 ndipo ankagona kumtunda m'fulati. Galimotoyo inali yaikulu msinkhu kuposa iye, ndipo inkagona pansi m'galaja itafunda bulangete labwino kuposa la Tsitsi. Aliyense ku Thamesmead, ku London, ankadziwa kuti wofuna woyambayo ayambe wagwadira wachiwiriyo.

Overton anali atagwada miyezi isanu ndi itatu. Loweruka lililonse ankachoka ku Romford, masitima awiri ndi basi imodzi, kudzapala dzimbiri pa Pijo 404 yoyera mpaka zala kusupuka. Ndipo kugwadako kunali kutabala zipatso. A Kasuba anali atavomera kuti Lamlungu la sabata yamawa adzalandira ankhoswe ake.

Kunatsala masiku asanu ndi atatu. Pagalimoto panatsala chinthu chimodzi.

"Taona apa," anatero a Kasuba, akumuonetsa chithunzi chakale chimene ankachisunga m'pulasitiki. Pachithunzipo panali bambo awo, amene anachoka ku Ntcheu wapansi kukagwira ntchito m'mafamu a ku Bindura, kunja kwa dziko, atatsamira Pijo yomweyo. M'mbali mwa galimotoyo munali mzere wachitsulo wonyezimira, kuchokera ku nyali yakutsogolo mpaka yakumbuyo. "Mzere uwu sunabwere ndi galimoto. Bambo anga anakauika okha m'tauni, kuti mzungu amene anawagulitsa galimotoyi akaiona amve kuwawa. Ndinalipo tsiku limene ankaboola zitseko. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndi amene ndinanyamula timakilipu m'chipewa."

"Mudhara, musavutike," anatero Munyaradzi, amene ankaitana akuluakulu choncho, akutulutsa mpukutu wonyezimira m'thumba. "Uwu ndi womata. Mungosenda pepala kumbuyo, mwamata, basi. Palibe chotsegula, palibe chofufuza."

Munyaradzi anali makaniko wa ku Barking, amene anapenta galimotoyo kwaulere. Zaulere za Munyaradzi zinali ndi adiresi. Anayamba kufuna Tsitsi kalekale ali kukwaya ya achinyamata, ndipo ankaseka ndi mano okha, maso ali pa ntchito ina.

A Kasuba anaupinda mpukutuwo ndi zala ziwiri, n'kuubweza ngati sokosi ya munthu wina.

"Pulasitiki. Bambo anga anavala nsapato za tayala, koma galimoto yawo sinavalepo pulasitiki."

"Zilipo njira zina ziwiri, bambo," anatero Overton, akutsegula foni. "Pali mizere yakale yeniyeni, yogwetsa pagalimoto zina, koma yadyedwa ndi dzimbiri ngati nkhope ya nthomba. Ndiye pali mkulu wina kumpoto kuno amene amasula yatsopano potengera yakale. Chitsulo chosachita dzimbiri, chogwira ndi makilipu. Akungofuna utali wake, kuchuluka kwa mabowo ndi kukula kwake. Tikamuuza Lolemba, Lachisanu yafika."

"Yongotengera," anatero Munyaradzi. "Si yeniyeni."

"Yako yomatayo ndiye yabadwa kubanja lachifumu?"

A Kasuba anabisa kuseka m'chifuwa. Anamuyang'ana Overton pamwamba pa magalasi.

"Iwe wakumudzi, ntchito ndi yako. Mabowo alipo, anangomatidwa ndi amakaniko akwathu. Ukachotsa bolodi la mkati mwa chitseko uwaona onse. Werenga, yeza, itanitsa. Lamlungu ndikufuna ankhoswe ako adzapeze galimotoyi panja, ikufanana ndi chithunzi ichi. Ndione ngati uli ndi maso. Munthu wopanda maso sindingamupatse mwana."

Munyaradzi anapinda mpukutu wake modekha.

"Werenga bwino, achimwene," anatero potuluka. "Nthawi zina munthu amawerenga n'kudwala."

*

Madzulo asanafike, Overton anali yekha m'galaja. Anamasula bolodi la chitseko cha dalaivala, n'kuunika mkati ndi tochi ya pafoni.

Chitsulo chinali see, ngati mbale yatsopano. Panalibe bowo, panalibe chipsera cha bowo. Ndipo utoto wa mkatimo sunali woyera. Unali wobiriwira.

Chitseko chimodzi chimasinthidwa, anadziuza. Galimoto za kumafamu zimagundana ndi ng'ombe. Anamasula chachiwiri. Chachitatu. Chachinayi chimodzimodzi. Anatenga kamaginito n'kukayendetsa m'mbali monse, kuchokera ku madigadi akutsogolo mpaka kumbuyo. Pamene pamatidwa phala maginito sagwira. Aka kanagwira njira yonse, mokhulupirika ngati mboni ya kukhoti.

"Ovi! Wandimasulira mkulu wanga yense?"

Tsitsi anali pakhomo ndi makapu awiri a tiyi, atavala juzi lalikulu la bambo ake.

"Ukuoneka ngati waona mkazi wako woyamba," anatero, akumupatsa kapu. "Ndiuziretu, ine mawa ndikukayeza diresi."

"Tseka chitseko."

"Iii, a Overton! Masiku asanu ndi atatu akukanikani?"

"Tsitsi, tseka."

Anatseka. Overton anamugwira dzanja n'kumuyendetsa chala mkati mwa chitseko cha galimoto.

"Ukumva bowo?"

"Ayi."

"Palibe. Zitseko zonse zinayi. Galimoto iyi sinabooledwepo chiyambire. Ndipo inabadwa yobiriwira. Ya agogo ako, bambo ako akuti inagulidwa yoyera." Anatsitsa mawu. "Iyi si galimoto ya agogo ako."

Tsitsi anaika kapu yake pansi. Anayang'ana khoma.

"Bwezera mabolodiwo," anatero.

"Umadziwa?"

"Ndikanadziwa bwanji? Ine ndimadziwa za zitseko?"

"Ndani anaitumiza kuchokera kwanu?"

"Bambo aang'ono. A Mishek." Anamugwira kolala ndi manja onse. "Ovi, ndimvere. Amayi atamwalira, Baba anasiya kudya. Miyezi inayi ali pampando, makatani otseka. Chinawadzutsa ndi galimoto iyi. Usawauze. Osati sabata ino."

"Ndiye Lolemba ndimuuze mkulu uja mabowo angati? Ziro?"

"Peka nambala."

"Ndiyambe ukwati ndi kupeka nambala?"

"Ena amayamba ndi zoposa apo," anatero Tsitsi, n'kutuluka, tiyi wake osamwa.

*

Lolemba Overton anapeka nambala. Makilipu makumi atatu ndi awiri. Anatumiza utali wa zitseko ndi madigadi, umene unali woona, kuti bodza lisayende lokha.

Lachiwiri masana anakumana ndi a Mishek m'kalesitilanti kena pafupi ndi siteshoni ya Barking. A Mishek anali mng'ono wa a Greenwell, munthu wa chipewa ndi nthabwala, ndipo pabanja lonse la a Kasuba ndi iwo okha amene ankamufuna Overton. Ena onse ankati mwana wawo akwatiwe ndi Munyaradzi, wodziwika makolo, osati mnyamata wa ku Dedza amene anabwera ndi sutukesi imodzi. Lamlungu, wolankhulira banja anali a Mishek omwewo.

"Mkamwini!" anafuula. "Khala, ndikugulire chipisi. Ukakwatira sudzadyanso mwaufulu."

"Bambo, ndatsegula zitseko."

Foloko inaima m'malere. A Mishek anavula chipewa, n'kuchiyang'ana mkati ngati muli yankho.

"Zonse?"

"Zonse zinayi."

"Anyamata akumudzi inu, vuto lanu ndi khama." Anapumira m'mwamba. "Ndikuuza, koma ukadye nazo wekha. Achimwene atanditumiza kukatenga galimoto, ndinafika pafamu paja ndi lole. Ukudziwa chimene ndinapeza? Matayala akumbuyo ndi chitsulo chake anali pangolo ya ng'ombe ya msuweni wathu. Mipando inali pakhonde la shabini. Thupi lake linali khola la nkhuku, ndipo nkhukuzo zinali zitadandaula kale kuti likudontha. Ndikanatumiza chiyani? Nthenga?"

"Mukanawauza."

"Munthu amene akuimba foni tsiku lililonse kufunsa ngati hutala ikulirabe? Amene mkazi wake wangoikidwa kumene? Iwe ukanamuuza?" Anapukusa mutu. "Inapezeka ina ku Mutare, ya m'busa wina. Inapakidwa utoto woyera, inakwera kontena. Achimwene ataiona analira, n'kupempha chakudya. Ine sindinaphe munthu, mwana wanga. Ndinadzutsa munthu."

"Tsopano akufuna mabowo awo."

"Apatse."

"Bwanji?"

"Ulibe dirilo? Loweruka m'mawa achimwene amapita ku msonkhano wa madoda kutchalitchi. Maola atatu. Boola, paka utoto pang'ono m'mphepete, ika mzere pamwamba. Ndani adzasuzumire pansi pa mzere? Ine ndidzakulondera pakhomo."

"Akadzadziwa?"

A Mishek anabwezera chipewa kumutu. Nthabwala zinali zitachoka pankhope.

"Akadziwa lero, ine sindidzapondanso m'nyumba mwawo. Ndiye Lamlungu akulankhulire ndani? Alongo athu aja? Aja akuitanira Munyaradzi takisi. Ine ndikamira, mkamwini, iwe uli m'thumba mwanga."

*

Uthenga wa Munyaradzi unafika Lachitatu, Overton ali pabasi.

"Wawerenga angati, achimwene?"

Overton anauwerenga kawiri. Unabwera wina.

"Ine popenta ndinachotsa mabolodi onse. Zobiriwira zimandikonda. Ndinakupatsa njira yomata, iwe n'kufuna kuoneka wanzeru pamaso pa mudhara."

"Ukufuna chiyani?" analemba Overton.

"Ine? Palibe. Ndikungofuna kuona mmene a ku Dedza amavinira pamoto."

Atatsika basi anamuimbira Tsitsi. Kunali kamvula kaja ka ku London kosanyowetsa koma kotukwana.

"Munyaradzi akudziwa," anatero. "Wakhala akudziwa chipentereni. Tsitsi, ichi si chinsinsi, ndi msonkhano. Osadziwa ndi bambo ako okha. Tiwauze ife, mwaulemu, wina asanawauze."

"Uwauze kuti chiyani? Kuti zaka zitatu akhala akupukuta galimoto ya m'busa wa ku Mutare?"

"Kuti mng'ono wawo anawakonda mopusa."

"Suwadziwa Baba. Anasiya kulankhula ndi mnzawo wa zaka makumi atatu chifukwa anawanamiza za tsiku la maliro a munthu wina. Bodza kwa iwo ndi bodza, lilibe laling'ono."

"N'chifukwa chake sindikufuna kuwonjezera langa."

"Ndiye iwe ukhale woyera, ife tonse tipse?"

"Sindinatero."

"Munya wakhala chete zaka ziwiri popanda womupempha," anatero Tsitsi. "Iwe sabata imodzi yakukulira, ine ndikukugwadira."

Overton anaima pakati pa msewu wa oyenda pansi. Mayi wina wokankha mwana m'pulamu anamulambalala akung'ung'udza.

"Bwerezanso."

"Ovi..."

"Ayi, bwerezanso. Undiuze bwino za ubwino wa Munya. Mwina ankhoswe anga akamufunsire iyeyo."

"Usandipotozere mawu. Ndatopa. Ndikungoti, ngati ukundifuna, boola. Timabowo tating'ono. Tikakwatirana, tidzapeza tsiku labwino, tidzawauza tonse awiri. Ndikulonjeza."

"Tsiku labwino louza munthu kuti bambo ake anasanduka khola la nkhuku."

"Boola, Overton."

Foni inaduka. Patapita mphindi zisanu unabwera uthenga: chithunzi cha diresi la buluu pa hang'ala, ndi mawu atatu. "Usandivalitse ili pachabe."

*

Mizere inafika Lachisanu m'chubu chachitali cha katoni. A Kasuba anaitulutsa umodzi umodzi, akuipukuta ndi mpango wawo wa m'thumba. Anaika umodzi pafupi ndi chithunzi, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Wosula uyu ali ndi manja," anatero. "Ngakhale kansonga aka kakutsogolo wakatengera." Anatembenukira kwa Overton. "Unapeza mabowo angati?"

"Makumi atatu ndi awiri, bambo."

"Ine ndimakumbukira ngati anali ochepera." Anaseka. "Koma chipewa cha mwana chimanama. Mawa ndikabwera kutchalitchi tiike limodzi. Iwe ungochotsa phala m'mabowomo, usaike kanthu ndisanabwere. Kilipu yoyamba ndikufuna ndiike ine."

Kenako anachita chinthu chimene sanachitepo. Anamugwira Overton paphewa.

"Wagwira ntchito, mwana wanga."

Miyezi isanu ndi itatu anali wakumudzi. Lero, tsiku limene ananama nambala, anakhala mwana wawo. Overton anamva ngati wameza kilipu.

*

Loweruka m'mawa, Munyaradzi anabwera ndi galimoto yake kudzawatenga a Kasuba kupita nawo kutchalitchi. Mtima wabwino wotere ukanayenera kumuchenjeza munthu. Koma Overton anali ndi mabowo makumi atatu ndi awiri m'mutu ndi maola atatu okha.

A Mishek anakhala pakhomo la galaja pa chidebe chopidigula, ngati mlonda wa kubanki.

"Ukamva ndikutsokomola, zimitsa," anatero, n'kutsegula mpira pafoni.

Overton anamata tepi m'mbali mwa chitseko cha dalaivala, anayeza, anaika timadontho ndi pensulo. Bolodi la mkati analichotsa kuti azitola zinyenyeswa. Anagwira dirilo. Anaiika pansi. Anaigwiranso. Utoto unali wosalala moti ankadziona nkhope, ndipo nkhopeyo sinkamukomera.

Bowo loyamba linatuluka ndi kulira kwa mwana wa mbuzi. Lachiwiri linavuta pang'ono. Pa lachitatu anali atazolowera, zimene zinamuopsa kuposa loyamba lija.

Anali pa lachisanu pamene kuwala kwa pakhomo kunatsekeka.

A Mishek anatsokomola. Anatsokomola mochedwa, mwaulemu, ngati munthu wolengeza alendo amene akhala kale pampando.

A Kasuba anali chiimire, Baibulo kukhwapa. Kumbuyo kwawo kunali Munyaradzi, akuzungulitsa makiyi pachala.

"Ndinaiwala foni kuno dzulo," anatero Munyaradzi. "Ndinati tingobwerera pang'ono. Pepani ngati tasokoneza ntchito."

Dirilo inazima yokha m'manja mwa Overton. Pansi panali tizinyenyeswa tachitsulo, tonyezimira, tatsopano ngati ndalama za kubanki.

A Kasuba anayandikira pang'onopang'ono. Anawerama, n'kutola kanyenyeswa kamodzi. Anakapukusa pakati pa zala.

"Ili si phala," anatero. "Ichi ndi chitsulo."

Anatembenukira kwa Overton.

"Ndinati uchotse phala m'mabowo akale. Ukuboola atsopano chifukwa chiyani?"

Overton anayang'ana a Mishek. A Mishek anali atagwira chipewa pachifuwa, maso akupempha ngati a galu wa eni ake. Kumtunda kunamveka chitseko, kenako mapazi othamanga pamasitepe.

"Ndinalakwitsa muyezo, bambo," anatero Overton. "Makilipu amene ndinaitanitsa sakugwirizana ndi mabowo akale. Ndinachita manyazi kukuuzani."

"Ndiye unati ubaye galimoto ya bambo anga, ubise mabala pansi pa mzere."

"Eya, bambo."

"Ine ndiike kilipu yoyamba m'bowo lako, ndikuganiza kuti ndi la bambo anga. Ndikuthokoze. Mwinanso ndilire pang'ono. Iwe uli pambali ukundiyang'ana."

"Ndalakwa, bambo."

Tsitsi anafika pakhomo wopanda nsapato, tsitsi lomanga theka. Anaona dirilo, anaona bambo ake, n'kugwira pakamwa.

"Kulakwitsa muyezo si mlandu," anatero a Kasuba, mawu ali pansi. "Ine ndalakwitsa zambiri pagalimoto iyi. Koma munthu amene amabisa bowo pansi pa chonyezimira, m'nyumba mwa mwana wanga adzabisa chiyani? Imbira ankhoswe ako. Uwauze asavutike kusita majekete."

"Baba!"

"Khala chete, Tsitsi."

"Mudhara, musakwiye kwambiri, magazi angakwere," anatero Munyaradzi mokoma. "Mabowo asanu ndimata ine Lolemba. Tiyeni kutchalitchi."

Apa Munyaradzi anali atapeza zonse zimene anabwerera, ndipo ankafuna kutseka sitolo. Koma nkhalamba ikakwiya imafuna kuphunzitsa.

"Ayi," anatero a Kasuba, akupereka Baibulo kwa Tsitsi. "Asanapite, ndimuonetse pamene bambo anga anaboola. Apite akudziwa chimene waononga. Ndipatse tochi."

"Achimwene, siyani," anatero a Mishek. "Mawondo anuwo..."

"Mawondo ndi anga."

"Bambo, ndavomera kale," anatero Overton, akuima pakati pa iwo ndi chitseko. "Palibe chifukwa. Ndipita."

"Choka apo."

Anachoka. A Kasuba anagwada movutika, dzanja lina pampando wa dalaivala, n'kulowetsa mutu ndi tochi mkati mwa chitseko.

M'galajamo munamveka basi ikudutsa kumsewu, mpaka phokoso lake kutha. Kuwala kwa tochi kunayenda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Kunabwerera. Kunayendanso. Kenako chala cha nkhalamba chinayamba kusisita chitsulo, pang'onopang'ono, ngati munthu wofufuza dzina pa mwala wa pamanda.

"Asanu," anatero, mutu uli mkatimo. "Ako okha."

Anakanda utoto wobiriwira ndi chikhadabo. Anatulutsa mutu. Anakhala pansi penipeni, pa simenti, ndi suti yawo ya kutchalitchi.

"Mishek."

"Achimwene..."

"Galimoto ya bambo anga ili kuti?"

"Inali itatha, achimwene. Ndikulumbira. Nkhuku zinali... panalibe choti n'kunyamula. Inu munali kudwala, sitinafune..."

"Sitinafune. Iwe ndi ndani?"

A Mishek anapotokola chipewa mpaka chinasiya kukhala chipewa.

"Ine ndinati tikuuzeni zoona. Mulungu ndi mboni, ndinaimba foni kuno tsiku lomwelo kuti ndinene. Anayankha ndi mwanayu." Sanamuyang'ane Tsitsi, anangoloza ndi chigongono. "Ndi iye anati ndisayerekeze. Ya ku Mutare anaipeza ndi iye pa intaneti. Ngakhale utoto anasankha ndi iye, ananditumizira chithunzi chanu chija kuti opentawo atengere."

Baibulo linagwa pansi.

Overton anatembenuka. Tsitsi sanali kuyang'ana bambo ake. Ankayang'ana iye.

"Unati sudziwa za zitseko," anatero Overton.

"Ovi, ndikanakuuza. Ndinkangofuna Lamlungu lidutse."

"Ndinakufunsa. Ndinakugwira dzanja, ndinakufunsa."

"Ndinkaopa!"

"Ndiye unandipatsa dirilo."

A Kasuba anagwira chitseko cha galimoto n'kudzuka okha. Munyaradzi anatambasula dzanja kuti awathandize, iwo analiyang'ana mpaka linabwerera m'thumba.

"Iwe unapenta," anamuuza. "Unachotsa mabolodi. Nawenso tidzakamba."

Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza.

"Zaka zitatu umanditsitsira tiyi kuno. Ndinkakuonetsa pamene ndinkakhala ndili mwana, pampando uwu. Ndinakununkhitsa chikopa, ndikuti ndi fungo la agogo ako. Iwe unati, 'Eya Baba, ndikulimva.'"

"Munali kufa, Baba. Ndinali nditaika kale amayi. Mumafuna ndichite chiyani?"

"Undisiye ndilire bambo anga ngati munthu wamkulu. Osati kundipatsa chidole."

Anatola chithunzi chija pa shelefu n'kuchiika m'thumba la jekete. Pakhomo anaima pafupi ndi Overton.

"Iwe unandinamiza kawiri, dzulo ndi lero. Lachiwirilo unanama kuti upse wekha, ndaliona. Silikukhululukira loyamba." Anapuma. "Koma ankhoswe ako asabwere pa chifukwa china. Munthu amapereka mwana amene ali naye. Ine lero ndilibe woti ndikupatse."

"Baba, chonde..."

"Kiyi wa nyumba yanga usiye patebulo. Zovala zako ubwere kudzatenga ine kulibe."

Anakwera masitepe okha, sitepe imodzi imodzi, osagwira chitsulo cha m'mbali. A Mishek anawatsatira mpaka pakati, n'kukhala pansi pomwepo.

Tsitsi anatsala chiimire pa simenti yozizira, wopanda nsapato. Analibe kolowera, ndipo onse atatu ankadziwa. Overton ankakhala m'kachipinda kamodzi ku Romford, m'nyumba ya mayi wa mpingo amene sankalola ngakhale mlendo wa tiyi.

Munyaradzi anakonza kukhosi.

"Amayi anga ali ndi chipinda chopanda munthu ku Barking," anatero, mofatsa ngati m'busa. "Amakukonda, ukudziwa. Galimoto ili panja."

Tsitsi anamupatsa msana. Anayenda mapazi awiri kupita kwa Overton, akuponda tizinyenyeswa tija osatimva.

"Ovi. Nena chinachake. Ukati ndisapite, sindipita, ngakhale ndigone muno."

Overton anatsegula pakamwa. Mawu analipo, amodzi okha, osavuta. Koma anamuyang'ana mkazi amene anayendetsa chala mkati mwa chitseko chija n'kufunsa ndi nkhope yoyera kuti akanadziwa bwanji, ndipo mawuwo anakana kutuluka.

Tsitsi anadikira. Anadikirabe pang'ono, kuposa mmene ulemu wake unkalolera.

Kenako anatembenuka.

"Munya," anatero, "dikira ndikatenge nsapato."